Goloboyi Amene Anakana Kukhala Mlongo

Basi yochokera ku Dadeldhura inalowa m'depoti ya Gongabu dzuwa lili paliwombo. Nirjala Bohara anatsika miyendo itachita dzanzi, magolovesi ake akale atawamangirira ku chikwama. Kathmandu! Phokoso lake, fumbi lake! Kodi anthu onsewa amagona kuti?

"Pepani chemwali, kodi chitseko chatsopano cha timu ya Lalupate ndinu?"

Anacheuka. Anali mnyamata wamtali, atanyamula kakatoni kolembedwa dzina lake, koma atakazondotsa.

"Ndine goloboyi, osati chitseko. Ndipo dzina langalo mwalizondotsa."

Mnyamatayo anayang'ana kakatoniko n'kuseka.

"Ndiye kuti mwandizondotsa mutu ndinu, chifukwa pobwera linali bwinobwino. Ndine Dambar Karki, dalaivala wa basi ya timu. Ndimanyamulanso mipira, madzi ndi madandaulo a atsikana makumi awiri ndi mmodzi. Bweretsani chikwamacho, manja amenewo ndi a timu tsopano."

Nirjala anayesetsa kuti asamwetulire. Zinamukanika.

Tsiku lomwelo anakumana ndi Madamu Rawal, mphunzitsi wa timuyo, mayi wosaseka wamba.

"Tamvera mwana iwe," anatero Madamu. "Chaka chatha tinaphonya chikho ndi pointi imodzi. Chaka chino sitiphonya. Wosewera wanga sachita chibwenzi ndi wantchito wa timu. Ndikangodziwa, umanga katundu wako tsiku lomwelo. Wamva?"

"Ndamva, Madamu."

Anamvadi. Koma kodi mtima uli ndi makutu?

Pa tsiku la masewero ake oyamba, Nirjala anakhala pampando wakumbuyo m'basi, ali khuma. Kwawo, monga mwa mwambo wa dziko lonse, amayi ake sankamulola kupita ku mayeso kapena pa ulendo asanamudyetse supuni ya chambiko ya mwayi. Kuno akanamudyetsa ndani?

Atsikana onse atatsika, Dambar anamuitana chapansipansi. M'manja mwake munali kamphika kadothi ka chambiko cha ku Bhaktapur.

"Mwadziwa bwanji?"

"Dalaivala ali ndi galasi loonera kumbuyo. Idyani msanga, Madamu angatipeze."

Tsiku limenelo mpira sunadutse. Sabata yotsatira sunadutsenso, ndipo kamphika kanabweranso. Posakhalitsa mauthenga anayamba kuyenda pa foni.

"Kachitseko kanga, golo watseka bwino, koma mtima wanga wausiya pululu. Ubwera liti kudzautseka?"

"Adalaivala, yang'anani msewu. Mtima wanga uli m'basi momwemo, musaugwetsere kuphompho."

"Ndingaugwetse bwanji? Ndaumanga lamba pampando wakutsogolo. Tamvera duwa langa: chikho chikangobwera, ndikwera nawe basi ya ku Dadeldhura kukaonekera kwa makolo ako. Ndalumbira pa chiwongolero changa!"

Uthenga umenewu Nirjala ankauwerenga m'mawa uliwonse asanavale nsapato za mpira. Pamaso pa anthu ankangopatsana moni ngati alendo. Palibe amene anadziwa, ngakhale Kopila, kaputeni wa timu, amene ankagona naye chipinda chimodzi.

Chikondwerero cha Tihar chinafika Lalupate ili pamwamba pa ligi, kutatsala masewero asanu ndi amodzi. Madamu anakana kumasula aliyense ku m'bindikiro. Pa tsiku lomaliza la chikondwererocho, tsiku limene mkazi aliyense amapaka mlongo wake tika, utoto wa madalitso, pamphumi, atsikana anadzuka nkhope zili zakugwa. Alongo awo anali kutali, kumapiri ndi kuzigwa.

Kopila ndiye anaomba m'manja pa nthawi ya tiyi.

"Atsikana inu, mukulira chiyani? Mukudziwa kuti achimwene athuwa, a Dambar, alibe mlongo? Chibadwire, tsiku ngati lalero amayenda mphumi ili mbuu, anzawo atakongola. Munthu amene amatidikira pamvula, amene anamubereka Sarmila kumsana atathyoka mwendo! Lero apeza alongo makumi awiri ndi awiri!"

"Eeeh! Zoona!" onse anafuula.

Tiyi anamutsamwa Nirjala.

Tika ya tsiku limeneli si masewera. Mkazi akangoipaka pamphumi pa mwamuna, awiriwo ndi pachilongo mpaka imfa. Palibe wansembe amene angawamangitse ukwati. Palibe kholo limene lingamve n'komwe nkhani yotero.

Anamukhazika Dambar pamkeka pabwalo la hositelo. Kopila anadontheza mafuta pansi momuzungulira, n'kumupaka mitundu isanu ndi iwiri ya utoto kutsetsereka pamphumi, kenako n'kumuveka nkhata ya maluwa ofiirira osafota. Dambar, munthu wa nthabwala uja, analira ngati mwana.

"Taonani achimwene akulira! Utoto usukuluka, inu!"

"Mphatso zathu zili kuti, achimwene? Mlongo sapakidwa ulere!"

Mmodzimmodzi anadutsa. Nirjala anabwerera kumbuyo kwa mzere, kenako kumbuyonso.

"Ine ndizijambula zithunzi, achemwali," anauza Kopila.

"Zithunzi za chiyani? Wajambula kale Sarmila. Watsala ndiwe wekha. Gwira!"

Mbale yamkuwa ya utoto inafika m'manja mwake, nkhata ili pamkono. Madamu Rawal anali ataima pakhonde, manja atapinda pachifuwa, maso ali pa iye.

Nirjala anagwada kutsogolo kwa Dambar. Akapaka, wataya mwamuna. Akakana, wataya timu, chikho, ndi zonse zimene anasiyira kwawo. Anamuyang'ana m'maso, mtima ukukuwa: "Nenani kanthu! Ndipulumutseni!"

Dambar anaponya diso kukhonde. Kenako anasendeza mphumi yake pafupi.

"Paka, mlongo wanga," anatero mokweza. "Usaope."

Mlongo wanga! Pakamwa pomwe paja pankatuluka "duwa langa"?

Manja amene anali asanagwetse mpira chiyambire ligi analekerera. Mbale inagwa, ngwe! Utoto wofiira, wachikasu ndi wobiriwira unamwazika pasimenti. Nirjala anathamangira kuchipinda, chala chake chisanakhudze mphumi ija.



Masana omwewo analemba uthenga, misozi ikudonthera pa foni.

"Mlongo? Pamaso pa anthu onse? Ndiye kuti munali wokonzeka kunditaya mosavuta chonchi? Lumbiro lija linali la chiyani?"

Yankho silinabwere. Anaimba kasanu, foni inali yotseka.

M'mawa mwake anapinda zovala zake kudikira kuti Madamu amuthamangitse. Koma Madamu anangogogoda pachitseko n'kunena kuti, "Bohara, magolovesi. Tachedwa." Atakwera basi, pa chiwongolero panali bambo wina wa imvi.

"A Dambar asiya ntchito," anatero bamboyo. "Makiyi anapereka dzulo."

Wathawa! Osatsanzika n'komwe! Nirjala anakhala pampando wake wakumbuyo n'kudziphimba kumutu ndi thaulo. Kopila anabwera kudzakhala naye.

"Nirjala, ndikhululukire. Sindinkadziwa. Ndimayesa ndikuchita zabwino."

"Si inu, achemwali. Mwangondithandiza kuona mtima wake."

Pa tsiku la masewero otsatira, Kopila anatulutsa kamphika kadothi m'chikwama.

"Idya."

"Mwakatenga kuti?"

"Kumsika. Idya, usandifunse zambiri ngati wapolisi."

Nirjala anadya. Analowa m'bwalo ndi mkwiyo wake wonse, ndipo mpira uliwonse wobwera ankaugwira ngati wamulakwira. Masewero asanu anadutsa. Nyuzipepala zinayamba kulemba dzina lake. Koma akabwerera m'basi, maso ake ankapitabe pa galasi loonera kumbuyo lija. Ankafunamo chiyani?

Tsiku lomaliza linafika. Lalupate inkakumana ndi Himchuli, ndipo kuti itenge chikho inkayenera kupambana basi. Kopila anagoletsa ndi mutu m'chigawo choyamba. Bwalo linagwedezeka ndi ng'oma. Koma kutatsala mphindi imodzi, mpira unagunda dzanja la wotchinga kumbuyo wa Lalupate. Wezulo inalira. Penate!

Nirjala anaima pamzere. Chaka chonse chinali pa mpira umodzi umenewu. Ndipo pakati pa phokoso lonselo, kumbuyo kwa golo kunamveka mawu amodzi.

"Tseka, Kachitseko! Tseka!"

Mtima wake unadumpha. Sanacheuke. Woponya anathamanga, mpira unauluka kumanzere, Nirjala anauluka nawo. Khathu! Unakakamira m'manja mwake ngati wamatidwa.

Wezulo yomaliza inalira. Atsikana anamugwera mulu. Anamuwaza ufa wofiira kumutu, anamuveka nkhata mpaka khosi kusowa. Chikho chinayenda m'manja mwa aliyense, ena akuchipsompsona, ena akulira. Lalupate, akatswiri a dziko lonse!

Madamu Rawal anamukokera pambali. Maso awo anali ofiira.

"Bohara, ndili ndi mawu amene ndawasunga masabata asanu ndi awiri. Tsiku lija utathawa, Karki anabwera ku ofesi kwanga utoto uli pamphumi. Anaika makiyi patebulo n'kunena kuti, 'Wolakwa ndine, Madamu. Madalaivala ndi ambiri, koma manja ngati awo mulibe m'dziko muno. Chotsani ine.' Ndinavomera, koma ndinamulumbiritsa kuti asakuyankhule mpaka ligi ithe. Wakhala akuyendetsa lole ya mchenga."

Nirjala anagwira pakamwa.

"Nanga chambiko chija..."

"Ukuganiza kuti ine ndingadzuke m'mamawa kupita ku Bhaktapur chifukwa cha iwe?" anatero Kopila kumbuyo kwake. "A Dambar ndiwo ankandipatsira pageti. Ndipo masewero onse anali kumbuyo kwa golo lako, atavala chipewa ndi chophimba kukamwa ngati wakuba. Uyo apoyo!"

Dambar anali ataima kuseri kwa waya, chipewa chili m'manja. Anali atada ndi dzuwa, ataonda. Nirjala anathamanga, nkhata zikugwa m'njira. Atafika, anamumenya pachifuwa ndi golovesi.

"Munanditcha mlongo!"

"Ndinatero."

"Nanga ndikanapaka? Mukanatani?"

"Ndikanakhala mlongo wako mpaka imfa. Ndikanakuperekeza pa ukwati wako ndi mwamuna wina, n'kukalirira m'basi. Koma chikho ukanachinyamula. Ndinaona maso a Madamu, mutu unaima, ndipo njira ina sindinaione. Ndinalakwa kukusankhira, duwa langa. Ndikhululukire."

"Chitsiru cha dalaivala," anatero Nirjala, akulira n'kusekera pamodzi. "Munataya ntchito chifukwa cha ine?"

"Ntchito ndi yaing'ono. Wothokoza ndine. Anthu onsewa akuthokoza manja akowa chifukwa cha mpira umene agwira lero. Ine ndimawathokoza tsiku lililonse chifukwa cha mbale imene anagwetsa."

Anapisa m'thumba n'kutulutsa nkhata ya maluwa ofiirira, ikadali ndi mtundu wake.

"Iyi unaisiya pansi. Si yanga. Ukamuveke mlongo wako weniweni kwanu." Anapisanso, n'kutulutsa timapepala tiwiri. "Awa ndi matikiti a ku Dadeldhura, Lachitatu m'mawa. Ndinalumbira. Kodi undilola ndikagwade pamaso pa bambo ako, Kachitseko kanga?"

Nirjala anacheukira kwa Madamu. Madamu anakweza mapewa.

"Ukundiyang'ana chiyani? Ligi yatha. Lamulo langa limaletsa zibwenzi, za ukwati silinena kanthu." Anaponya makiyi kudumphitsa waya, Dambar n'kuwawakha. "Karki, bambo aja amayendetsa ngati akupita kumaliro. Tibwezere kunyumba."

"Zikomo, Madamu! Zikomo!" Nirjala anawerama kuti agwire mapazi awo posonyeza ulemu, koma Madamu anamudzutsa n'kumukumbatira.

"Sunamuyankhe munthu," anamunong'oneza.

Nirjala anavula golovesi, n'kulowetsa dzanja pa waya.

"Mpando wa pawindo ndi wanga," anatero.

Kopila anaika chikho pansi n'kugwira m'chiuno.

"Imani kaye! Ameneyu ndi mlongo wathu, tinamupaka tokha. Ndiye iwe Nirjala, kuyambira lero ndiwe ndani kwa ife?"

Atsikana anayang'anana, kenako bwalo lonse linamva.

"Alamu! Alamu! Alamu!"

"Ndipo ukadzamuliza mlongo wathu," anatero Kopila akumuloza chala, "udziwe kuti tilipo makumi awiri ndi mmodzi."

Pobwerera, chikho anachimanga lamba pampando wakutsogolo. Nirjala anakakhala pamalo pake pakale, kumbuyo kwenikweni, n'kukweza maso. Mu galasi muja munali mphumi imene sanaipake, ndi maso awiri akumuyang'ana.

"Adalaivala!" anafuula. "Yang'anani msewu!"