Tsiku Limene Abambo a Triza Anadya Okha

Triza analowa mu lesitilanti ya mayi Elube, kuseri kwa msika wa Kabudula, atagwira abambo ake pamkono. Ankachokera kuchipatala kumene abambowo, a Raphael Kamwendo, ankapita mwezi ndi mwezi chidwalireni sitiroko. Dzanja lawo lamanja linali litafa, mlomo utapotokera mbali imodzi, ndipo mawu ankatuluka movutikira. Munthu amene anaphunzitsa masamu zaka makumi awiri tsopano ankachita kudyetsedwa ngati khanda.

Namwino anali atanena kuti asamwe mankhwala m'mimba muli pululu, ndipo kwawo kunali kutali. Triza anawakhazika patebulo la pakona n'kuitanitsa mpunga wa nkhuku.

Chakudya chisanafike, munalowa Promise ndi Mirriam, anzake a Fomu 2, akuseka mokweza. Kusukulu Triza sanauzepo aliyense za matenda a abambo ake. Atacheuka, anaona dovu likuyenderera pachibwano pa abambowo. Ananyamuka mwakachetechete n'kukaima pawindo ngati akuonerera njinga za kabaza.

"Triza! Kodi uli ndi yani kuno?" anafunsa Promise.

"Ndili ndekha," anayankha motsitsa mawu.

A Kamwendo anamva. Anangoweramitsa mutu.

Mbale itafika, anayesa kugwira supuni ndi dzanja lamanzere, koma inawapulumuka. Mbale inatsetsereka, mpunga n'kumwazikira pathalauza lawo. Bambo wina wa patebulo loyandikana anakwinya nkhope.

"Mayi, odwala ngati awa muziwapatsira panja. Ife tikudya."

"Achimwene, muno aliyense amadyera patebulo," anatero mayi Elube osakweza mawu. "Ngati inuyo mwapanikizika, panjapo pali benchi."

Anabwera ndi beseni ndi jagi ya madzi ofunda, anagwada, nawasambitsa a Kamwendo m'manja. Anawapukuta pachibwano ndi kansalu koyera, kenaka anatola mpunga umene unatayika.

"Pepani bambo, cholakwa ndi changa. Nkhuku ija ndi yachikuda, ndi yolimba. Mundidikire pang'ono."

Posakhalitsa anabwera ndi mbale yakuya. Munali mpunga wofewa bwino, nkhuku yonyotsolanyotsola, msuzi wambiri ndi nkhwani wotendera. Anayala kansalu konyowa patebulo n'kukhazikapo mbaleyo kuti isasunthe. Kenaka anakulunga chogwirira cha supuni ndi kachitenje mpaka chinanenepa, nachiika m'dzanja lawo lamanzere.

"Amayi anga anadwala chonchi zaka zinayi," anatero. "Chimene chinkawapweteka kwambiri sichinali mwendo ayi, koma kudyetsedwa. Tayesani, bambo. Musafulumire, muno sitithamangitsa munthu."

Supuni yoyamba inatayikira m'mbale momwemo. Yachiwiri inanjenjemera, inapendekeka, koma inafika kukamwa. A Kamwendo anatafuna pang'onopang'ono, natapanso yachitatu. Misozi inalengeza m'maso mwawo, koma dzanja silinaleke.

Pawindo paja, Triza ankaonerera zonsezi. Miyezi isanu ndi iwiri yonse palibe kunyumba amene anaganizapo zowalola kuyesa okha. Iye mwini ankawadyetsa mothamanga kuchipinda, chitseko chili chotseka, kuti alendo asaone. Lero mayi wosawadziwa n'komwe anali atawagwadira, pamene mwana wawo wobereka anali atawakana.

Anabwerera patebulo paja n'kukhala pafupi nawo.

"Ababa, ndikhululukireni," ananong'ona.

Abambowo anaika supuni pansi, namugwira dzanja mwamphamvu.

Triza anatembenukira kwa anzake aja. "Promise, ndinakunamiza. Sindili ndekha. Awa ndi abambo anga."

Atsikanawo anayang'anana. Kenaka anadzuka, anafika pafupi, nagwada kupereka moni. Mirriam anakoka mpando n'kubweretsa mbale yake patebulo lomwelo, Promise naye anatsatira. Bambo wodandaula uja anamaliza kudya maso ali m'mbale, natuluka osatsanzika.

A Kamwendo anadya mpaka mbale inayera. Atamwa mankhwala awo, anakodola mayi Elube. Milomo inalimbana ndi mawu kwa kanthawi, ndipo onse anadikira.

"Zi... zikomo, mayi. Nda... khuta."

"Zikomo ndinu, bambo. Mwezi wamawa mudzabwerenso, ndidzakuphikirani maungu."

Triza analipira. Asanatuluke, anapempha kuti amuonetsenso kakulungidwe ka supuni kaja. Mayi Elube anamuonetsa kawiri, kenaka anamupatsa kachitenjeko kuti apite nako.

Loweruka lotsatira, amayi a kumpingo anabwera kudzazonda matenda. Nthawi ya nkhomaliro itakwana, amayi ake a Triza ananyamula mbale ya abambo kulowera nayo kuchipinda monga mwa masiku onse.

"Amayi, bweretsani kuno," anatero Triza. Anali atatulutsa kale tebulo ndi mpando wa abambo ake pakhonde, pomwe panakhala alendo.