Maluwa a doña Otilia

Yaretzi anatuluka mu holo ija oimba atalongedza kale malipenga awo. Galimoto ya Griselda, msuweni wake, inali itapita. Anangomusiya ngati chikolopa.

Phwando lija la mtsikana wokwanitsa zaka khumi ndi zisanu analikonza ndi Yaretzi. Kutsatsa pa foni, kunyengerera makolo, keke, nsalu, mipando, zonse iye. Griselda ntchito yake inali imodzi basi, kukagula maluwa kumsika. Koma bambo a mwana atafunsa pa chimkuzamawu kuti wokonza zokongolazi ndani, anadzuka ndani? Griselda, mano onse panja!

"Ndavutika ndekha, bambo. Uyu amangondinyamulira makatoni."

Anthu m'manja phwaphwaphwa. Timakadi totsatsa malonda timene Griselda ankagawa tinali ndi dzina lake lokha. Munthu amene unakula naye nyumba imodzi, kugona bedi limodzi! Njoka yeniyeni.

Azimayi anali atalimbirana kale maluwa a pamatebulo kupita nawo kwawo, monga achitira phwando lililonse. Yaretzi anatola mtsuko umodzi wa maluwa wotsala kuti naye atuluke ndi kanthu, n'kuuyamba ulendo wapansi.

Njira yachidule yotulukira m'tauni ya Atlixco imadutsa m'mbali mwa khoma la manda. Magetsi a mumsewu anathera pa kona. Agalu zii.

Kumbuyo kunamveka nkhwaira. Khwee... khwee...

Anaima. Nazo zinaima. Anayenda. Khwee...

"Yaretzi!"

Anacheuka. Mayi wachikulire, shawelo yakuda, tsitsi loluka michira iwiri, nkhope yotuwa ndi fumbi.

"Mwandidziwa bwanji, mayi?"

"Kuno tonse tikukudziwa. Dzina lako lamveka khomo lililonse. Ulibe manyazi, mwana iwe? Mwana wanga amandiikira maluwa pakhomo Lamlungu, iwe Loweruka wakavinitsa nawo zidakwa."

"Awa anagulidwa kumsika!"

"Msika wa agogo ako? Nunkhiza."

Ananunkhiza. Fungo la kandulo. Dothi lonyowa...

"Ukabweze wekha. Ukafunse kwa Otilia."

Yaretzi anaphethira kamodzi. Msewu mbee! Munthu palibe. Analiyatsa liwiro, mtsuko ataukumbatira pachifuwa ngati mwana.

Kutacha anabwerera kuti akafunse mlonda wa manda, don Fermín, kumene kuli nyumba ya mayiyo. Anapeza chipwirikiti. Azimayi atamuzinga mlonda uja, ena akukoka malaya. M'mizere yonse ya manda zitini zoikamo maluwa zinali gwaa, zopanda duwa ndi limodzi lomwe.

"Ndakuuzani kale!" analira don Fermín. "Anabwera ndi galimoto Lachisanu, mtsikana wokonza maphwando. Anati akufa safuna maluwa. Dzina anatchula yekha: Yaretzi."

Ndiye mwaona? Pamaso pa olemera, dzina la Griselda. Kumanda, la Yaretzi.

"Si ameneyo apo? Wanyamula ndi umboni womwe!" anakuwa mayi wina wogulitsa nyama kumsika. Onse anacheuka. Awa ndiwo anali azimayi a maukwati ndi maubatizo a tauni yonse, amene Yaretzi ankayembekeza kuti adzamuitana.

"Si ine, amayi, ndi msuweni wanga. Ine ndabwera kudzabweza. Ndikufuna nyumba ya mayi wachikulire, doña Otilia. Ndinakumana nawo usiku, anandituma okha."

Mayi wina wamtali anatuluka pagulu, maso ali psuu, n'kumulanda mtsuko uja.

"Wandibera, tsopano ukufuna undinyoze? Otilia ndi mayi anga ondibereka. Khoma linawagwera chaka cha chivomerezi chija, iwe ukadali pasukulu."

Yaretzi anayang'ana pansi. Pamwala wa manda panali chithunzi. Michira iwiri. Shawelo yakuda.

"Nyumba yawo ndi imene waimapoyo," anatero mayi wamtali uja. "Chotsa phazi."