Chipinda Chimene Ena Sanachipeze

Madzulo a tsiku limenelo tinatseka mashopu tikukangana za gemu. Shopu yanga yosokera zovala ili pakati. Kumanzere kuli bambo wometa, kumanja kuli mayi wa pa famase, pogulitsira mankhwala. Makasitomala akachepa timatulutsa mipando pakhonde, aliyense maso pa foni, ndipo miyezi imeneyo tonse tinali pa gemu imodzi.

Gemu yake ndi yofufuza zinthu. Umakhala mlendo m'nyumba yachifumu yakalekale imene inalodzedwa, ukufunafuna mwana wamkazi wa mfumu amene anasowa. Chipinda chilichonse chimakhala chodzaza ndi katundu wongounjikana: mabuku, mabotolo, malupanga, akadzidzi, makandulo. M'munsi mwa chithunzi amalemba zinthu zoti upeze. Ukachiona umachigunda ndi chala, chimawala n'kuzimiririka. Ukapeza zonse chitseko chimatseguka, umalowa m'chipinda china.

"Ndi ya ana imeneyi," anatero bambo wometa akukutumula nsalu yake. "Ine ndimangotayira nthawi."

Ankanyoza choncho, koma dzulo lake anali atameta munthu mbali imodzi n'kumusiya pampando, iye akusakasaka kiyi wagolide m'chitsime.

Mayi wa pa famase anati zithunzi zake n'zokongola ndipo nyimbo yake imamugonetsa, koma opanga ake ndi ochenjera. Amabisa singano pamthunzi dala, kuti utope, uonere zotsatsa malonda ndiye akuthandize. Ine ndinati chimene chimandinyansa n'choti imatha batire. Amuna anga, omwe ndi makaniko, anali atabwera kudzanditenga, ndipo iwo sankasewera n'komwe.

"Anthu akuluakulu kumafunafuna zinthu zimene simunataye," anatero. "Sipanala yanga inasowa m'nyumba, palibe wondithandiza."

Tinaseka, n'kubalalika.

Amene sankanenapo kanthu za gemuyi anali achemwali anga, komatu ndi amene anatipitirira tonse. Amuna awo anamwalira chaka chomwecho mwadzidzidzi, mtima unangoima ali kuntchito. Maliro atatha achemwali anakhoma nyumba yawo, imene ili kutali, mbali ina ya tauni, n'kubwera kudzakhala nafe. Makiyi anawapereka kwa amuna anga kuti asamawaone. Ankagona m'chipinda cha ana athu, poti anawo amaphunzira sukulu yogonera konko. Ndati ankagona, koma tulo analibe. Ndine ndinawaikira gemuyo pa foni yawo, kuti mwina azipeza chochita m'malo mongoyang'ana kudenga.

Titadya, magetsi anazima. Kunja mvula inali ikuwaza. Amuna anga anapita kukagona molawirira, ine ndinayatsa kandulo n'kuyamba kupinda zovala pabalaza. Achemwali anali pa sofa, nkhope yawo ikuwala ndi foni.

"Iwe, tabwera."

"Mwakanika pati, achemwali?"

"Sindinakanike. Taona."

Ndinakhala pambali pawo. Chithunzicho chinali chojambulidwa ngati zinzake zonse, kuwala kwake kofiirira, m'makona muli mdima. Koma munalibe malupanga, munalibe akadzidzi. Munali bedi lathabwa, kabati ya zovala, katebulo ka pambali pa bedi. Katani ya pawindo ndinaizindikira msanga chifukwa ndinasoka ndine. Nsalu inaperewera, ndiye m'munsi ndinalumikiza ndi ina yobiriwira. Msoko wake unalipo pomwepo.

Chinali chipinda chogona cha achemwali.

"Munachijambulapo pa foniyi?" ndinafunsa.

"Ayi."

"Mwina imatenga zithunzi zimene zili m'foni."

"Ndati sindinachijambulepo."

Mawu a m'munsi nthawi zonse amakhala m'Chingerezi. Tsiku limenelo anali m'chinenero chathu. Chipeso. Magalasi a maso. Lamba. Wailesi. Mankhwala opaka pa bondo.

Achemwali sanafufuze n'komwe. Chala chawo chinkangopita. Chipeso chinali kuseri kwa galasi, pomwe malemu alamu anga ankachisiya. Chinawala n'kuzimiririka. Magalasi anali pansi pa pilo. Lamba anali atakoleka pa msomali kuseri kwa chitseko. Nyimbo imene mayi wa pa famase ankaitama ija sinkamveka. Foni inali zii, tinkangomva mvula padenga.

Atagunda botolo la mankhwala, mawu onse anachoka. Panabwera amodzi okha.

Mwini nyumba.

Ndinayang'ana chithunzicho. Pabedi panalibe munthu. Pampando panalibe munthu. Koma chitseko cha kabati, chimene poyamba chinali chotseka, tsopano chinali chotseguka pang'ono, malo oti dzanja n'kulowa. Mkati munali bii.

Chala cha achemwali chinayamba kukwera.

Ndinawatsomphola foniyo. Sindinaganize, dzanja linangopita lokha.

"Ndipatse."

"Mawa, achemwali."

"Ndipatse foni yanga, iwe."

Sanakweze mawu. Sindinawamvepo akulankhula nane choncho, ngakhale tili ana. Ndinaizimitsa, n'kuiponya m'chikwama changa cha ulusi ndi mabatani, n'kutseka zipi. Iwo anangondiyang'ana, manja ali pamiyendo.

Ndipamene tinamva kugogoda.

Sikunali pachitseko. Kunali pa galasi la windo la pabalaza, kumbuyo kwathu. Kamodzi kokha, ndi nsonga ya chala, mopepuka, ngati momwe munthu amagundira foni.

Tonse tinatembenukira kuwindoko. Kandulo inkayaka bwinobwino, osagwedezeka.

Kunamvekanso, ulendo uno pawindo la kukhitchini. Patapita kanthawi, pawindo la kubafa. Ndinathamanga kukadzutsa amuna anga, ndipo ndikuwagwedeza paphewa, kunamveka pawindo lathu, pafupi penipeni ndi mutu wa bedi. Iwonso anamva. Anavala thalauza, anatenga tochi ndi chitsulo chochotsera matayala, n'kutuluka.

Anazungulira nyumba yonse. Ndinkaona kuwala kwa tochi kukudutsa windo ndi windo. Anabwerera malaya atanyowa.

"Kulibe munthu. Geti ndi lokhoma. Matope a pansi pa mawindo sanapondedwe."

"Mwina ndi tizilombo touluka," ndinatero.

"Mwina."

Achemwali anali akadali pa sofa, momwe ndinawasiyira.

"Nawonso akufufuza," anatero.

Amuna anga anandiyang'ana. Sindinawafunse achemwali kuti akunena ndani, chifukwa sindinkafuna kumva yankho lake. Ndinawapempha achemwaliwo kuti agone nane, amuna anga agone pabalaza. Anakana. Anati atopa, ndipo kwa nthawi yoyamba akumva tulo. Analowa m'chipinda cha ana n'kutseka chitseko. Ine ndinakhoma chitseko chakutsogolo ndi chakumbuyo, ndinakoka mipiringidzo, makiyi ndinaika pansi pa pilo. Chikwama cha ulusi ndinachilowetsa pansi pa bedi, mbali yanga.

Ndinamvetsera nthawi yaitali. Kugogoda sikunabwerenso. Mvula inakula, kenako ndinagona.

Kunja kutangoyamba kuyera, foni ya amuna anga inalira. Anali mayi wokhala moyandikana ndi nyumba ya achemwali. Mawu ake ndinkawamva ndili mbali yanga.

"Bwerani msanga. M'nyumba ya alamu anu muli munthu. Akubuula."

Ndinathamangira kuchipinda cha ana. Bulangete linali litakankhidwira kumiyendo, pabedi pozizira. Ndinaona kubafa, kukhitchini. Mipiringidzo inali momwe ndinaisiyira. Makiyi anali pansi pa pilo. Ndinakoka chikwama pansi pa bedi, foni inalimo, yozima.

Amuna anga anapisa m'thumba la ovolosi yawo. Makiyi a nyumba ya achemwali analimo, pamodzi ndi a ku galaja.

Tinakwera galimoto ya kasitomala imene inagona pathu.  Kumeneko ndi kutali, ngakhale pa galimoto umatopa nako. Tinapeza anthu ataima pageti, ena atafunda zitenje, ena maambulera m'manja, palibe woyandikira. Loko anali pachitseko, kunja, atachita dzimbiri pang'ono. Mawindo onse ali ndi zitsulo. Amuna anga anavutika kuti kiyi atembenuke.

M'nyumba munkanunkha chinyezi. Pansi panali fumbi la miyezi yonseyo, losapondedwa, ndipo mapazi oyamba kudindapo anali athu.

Achemwali tinawapeza m'kanjira kopita kuzipinda. Anali atagwada pakhomo la chipinda chawo chogona, atagwira chogwirira cha chitseko ndi manja awiri, akukoka kuti chisatseguke. Phazi limodzi anali ataliponda pafelemu. Anali m'diresi yogonera yomwe ija, youma, ngakhale mvula inagwa usiku wonse. Mawu anali atawathera.

"Achemwali, ndine. Siyani."

Sanasiye. Ndinachita kuwamasula chala chimodzichimodzi. Zala zinali zozizira, zouma gwa. Nditawakokera pambali, amuna anga anakankha chitseko ndi chitsulo chija.

Munalibe munthu. Windo linali lotseka, katani yanga ija ili m'malo mwake. Pabedi panali chipeso, magalasi, lamba, wailesi ndi botolo la mankhwala, atazindandalika bwinobwino pamzere umodzi. Kabati inali yotseguka yonse. Zovala za alamu zinali zitakankhidwira mbali imodzi, mbali inayo kuli malo.

Kuchipatala adokotala anati ndi kutopa ndi chisoni, ndipo munthu wosagona nthawi yaitali amatha kuyenda ali m'tulo. Anapereka mankhwala ogonetsa. Amuna anga atafunsa za loko, adokotala anati zimenezo si za chipatala.

Nkhani inafika pamashopu ife tisanafike. Ena ankati malemu anabwera kudzatenga mkazi wawo. Ena ankati pali wachibale amene akuifuna nyumbayo, ndipo wapita nayo kwa sing'anga. Mayi woyandikana uja ankanong'oneza aliyense kuti si usiku woyamba kumva wailesi ikulira m'nyumba yokhomayo, kungoti ankaopa kunena. Bambo wometa anaifufuta gemuyo tsiku lomwelo, ndipo sananenenso kuti ndi ya ana.

Mayi wa pa famase yekha ndi amene sanachite mantha. Anaisewera mpaka kumapeto kuti aone. Anati chipinda chotero mulibe. Chomaliza ndi nsanja, mwana wa mfumu amapezeka atatsekeredwa m'galasi, ndiye basi, amakuthokoza n'kukupempha kuti upereke nyenyezi zosonyeza momwe waikondera gemuyo. Kenako anakhala masana onse akuwerenga ndemanga za anthu amene anaisewera. Zinali zambirimbiri. Wina ankadandaula kuti zinthu zake n'zazing'ono, maso amapweteka. Wina ankati ndi gemu yabwino kwa okalamba. Wina ankatukwana zotsatsa malonda. Pakati pa zimenezo anapeza imodzi, n'kubwera nayo kushopu kwanga kuti ndiwerenge ndekha. Munthuyo anapereka nyenyezi zitatu, ndipo analemba kuti: "Chipinda cha amayi anga munachijambula bwino, koma musadzachitenso." Palibe anamuyankha.

Foni ya achemwali ndinadzaiyatsa ndili ndi amuna anga, masana dzuwa likuswa mtengo. Gemu inatsegukira m'chipinda cha mabuku, chokhala ndi kadzidzi ndi makandulo, mawu ake m'Chingerezi, nyimbo ikulira. Ndinaifufuta. Achemwali sanaifunsenso.

Anayamba kugona. Anayambanso kudya. Nyumba ija anauza amuna anga kuti aipezere munthu wa lendi, katundu wa m'chipinda apatse abale a malemu. Za usiku umenewo sanalankhule, ndipo ife sitinawakakamize.

Patapita milungu ingapo anayamba kubwera kushopu kudzandithandiza. Tsiku lina masana tinali awiriwiri, iwo akusokerera mabatani pa yunifolomu za sukulu, ine ndikudula nsalu. Ndinangofunsa, maso ali pa sizasi.

"Achemwali, munafikako bwanji?"

Anatenga batani lina n'kuyamba kulisokerera.

"Ndinadzuka kuti ndikamwe madzi. Nditatsegula chitseko cha chipinda cha ana, ndinapezeka m'chipinda changa. Zinthu zija zinali kale pabedi."

"Kenako?"

"Kabati inatseguka. Anatuluka. Nkhope ya alamu ako, msinkhu wawo, ngakhale kachifuwa kaja ankatsokomola asanalankhule. Anandiitana dzina limene ankandiitana tikakhala awiri, loti ngakhale iwe sulidziwa. Anatambasula dzanja. Ndinayamba kupita."

Ndinasiya kudula.

"Ndiye munathawiranji?"

Analuma ulusi n'kuudula, n'kuyang'ana batanilo ngati lakhala bwino.

"Anali atavala nsapato. Alamu ako, zaka zonse zija, sanapondepo m'chipinda changa ndi nsapato. Ngakhale atatopa bwanji, ankavulira pakhomo."

Anapinda yunifolomuyo, n'kutenga ina.

"Amene uja anaphunzira zambiri, koma sanali iwo. Tandipatsira mabatani oyerawo."