Mikwamba ya Efraimu

Efraimu anaponya kampango pamchenga ngati nsombayo yamulakwira. Palibe anacheuka. Anthu onse a padoko la Mbamba Bay anali atazungulira msuweni wake Harrison, amene anagwada pansi akuyeza nsomba pathabwa. Chinali chaka cha 1958, ndipo Harrison anali atangobwera kumene kuchokera ku chilumba cha Unguja, komwe anatha zaka zisanu akufufuza za nsomba za m'nyanja yamchere. Anthu ankati zolemba zake zimawerengedwa mpaka ku sukulu yaukachenjede ya Makerere. Ngakhale Ketrina, mkazi wa Efraimu, ankaitchula nkhaniyi katatu patsiku.

Tisabise, Efraimu zinkamupweteka. Kusukulu ya mishoni ndi iye ankakhala nambala wani pa masamu, Harrison akumuonera mayankho. Koma bambo ake atadwala, Efraimu analowa m'bwato, mnzakeyo n'kupitiriza sukulu. Lero wina akutchedwa Bwana Samaki, kutanthauza Bwana Nsomba, wina akungonunkha nsomba.

"Msuweni, uyu wamugwira pati?" anafunsa Harrison. "Pa mikwamba ingati?"

Asodzi amayeza kuya kwa madzi pomiza chingwe cha mwala, kenako pochikoka amachitambasula m'manja, mkwamba umodziumodzi. Harrison ankafuna kudziwa kuya kumene kampango amaikira mazira. Bwato analibe, choncho ankadalira manja a msuweni wake.

Kampangoyo anali wa pa mikwamba makumi atatu, cha ku Lipingo.

"Isanu, cha ku Kihagara," anayankha Efraimu.

Harrison analemba m'kabuku kake osakweza n'komwe mutu. Mtima wa Efraimu unati myaa! Ndiye maphunziro ake ndi amenewa? Munthu kumeza bodza ngati mlamba kumeza nyambo!

Zinakoma, ndipo zokoma sizisiyika. Miyezi isanu ndi iwiri Efraimu ankabwera ndi kampango wa mazira, kuya kwake akuchotsera mmene wafunira. Tsiku lina Harrison anachita tsinya n'kunena kuti, "Koma zachilendo. Mabuku onse amati amaswana kozama."

"Ndiye uwatume mabukuwo akakuwedzere," anatero Efraimu.

Harrison anaseka. "Kweli, zoonadi, nyanjayi amene akuidziwa ndiwe."

M'mawa wina Harrison anafika kunyumba kwa Efraimu atanyamula mapepala otayipa. Anapeza Ketrina akuyanika usipa pathandala.

"Alamu, pukutani m'manja, mudzaone amuna anu!" anatero. "Kope ili ndi lanu. Linalo lapita dzulo pa sitima, akalisindikize akatswiri a ku Ulaya."

Efraimu analandira mapepalawo monyinyirika. Pansi pa mutu wa nkhani panali mayina awiri. Loyamba linali lake, Efraimu Kamanga. La Harrison linali lachiwiri.

"Zaka zonsezi akatswiri amaganiza zolakwika," anatero Harrison, maso akuwala. "Wawakonza ndiwe. Ine ndangolemba zomwe manja ako ayeza. Ophunzira azidzatchula dzina lako, msuweni."

Ketrina analulutira mpaka nkhuku zinabalalika. Anatsomphola mapepalawo kuti akaonetse amayi anzake. Chinthu chimene analakalaka moyo wake wonse chinali chitafika, koma chinafika chowola.

"Ketrina, bwera nawo," anatero ndi mawu otsika. Anayang'ana pansi. "Harrison, mikwamba ija si yoona."

"Iti?"

"Yonse. Kuyambira tsiku loyamba. Kampango ndimamugwira kozama, monga mabuku ako anenera."

Harrison anakhala pa mtondo umene unali pafupi.

"Chifukwa chiyani?"

"Ndimafuna akuseke," anayankha Efraimu. "Ndimafuna tsiku limodzi lokha iwenso ukhale wolephera."

Harrison sanakalipe, ndipo Efraimu akanakonda akanakalipa.

"Sitima ibweranso Lachinayi," anatero Harrison. "Pafunika kalata yoletsa, asanasindikize. Uilembe wekha. Chizungu umachidziwa, ndipo dzina loyamba ndi lako."

"Nanga iwe, adzakukhulupiriranso?"

"Sindikudziwa," anatero Harrison, n'kunyamuka osatsanzika.

Ketrina anaika mapepala aja pakhonde nabwerera ku usipa wake. Efraimu anang'amba tsamba m'kope lakale la kusukulu, nakhala pansi mpaka dzuwa linafika pamutu. Aka kanali koyamba m'moyo wake kulembera kalata anthu ophunzira a kutsidya kwa nyanja, ndipo mawu ake oyamba anali akuti, "Ndinanama."