Okumba Pakanjira ka Njinga

Lachitatu m'mawa, nthawi itangopitirira seveni koloko, Spoko anamva mfuu kumunsi kwa kanjira ka njinga. Anaponya sipanala pansi n'kuthamanga. Anapeza anthu ataunjikana kale m'mphepete mwa ngalande. M'ngalandemo munali mayi wovala yunifolomu yoyera, njinga itamugwera pamwamba. Anali mlongo wake wamkulu, namwino wa pakachipatala ka m'deralo.

"Usandigwire mkono, iwe! Mkonowu ayi!"

Mkonowo unali utapindika pamalo posayenera kupindika.

Ngalandeyo inayamba kukumbidwa Lolemba. Kunabwera lole yoyera ndi amuna asanu ndi awiri, onse atavala malaya onyezimira ndi zipewa zachikasu. Anati akuika waya watsopano wa matelefoni. Kanjirako ndi kopapatiza, ndipo amadutsamo a njinga ndi oyenda pansi omwe, choncho atangokang'amba, anthu ambiri anayamba kulimbirana msewu waukulu ndi magalimoto. Ena ankawoloka pa thabwa limene okumbawo anayala. Thabwa limenelo ndi limene linaterereka ndi namwino.

Kapitawo wa okumbawo anafika akuyenda mosafulumira. Anali wamtali, wamimba, wovala magalasi akuda, fayilo ili kukhwapa.

"Mayiwa sanaone chikwangwani?"

"Chikwangwani chake chiti?" anatero Spoko. "Tithandizeni loleyo, tithamangire nawo kuchipatala chachikulu."

"Galimoto ya kampani sinyamula anthu wamba."

Spoko anayenda kulunjika kuloleko ndithu. Kapitawo anamudulira kutsogolo n'kuima pakati pa iye ndi galimotoyo. Sanakalipe. Anangoima, ngati munthu wotchinga chitseko cha kuchipinda kwake. Namwino ananyamulidwa ndi galimoto ya munthu wina wodutsa.

Spoko anali wokonza njinga. Dzinali anamupatsa ndi makasitomala, ndipo kashedi kake kanali kumayambiriro kwa kanjirako kwa zaka makumi awiri. Atabwerako kuchipatala masana, sanagwire ntchito. Anakhala pa benchi, chubu chobooka chili m'manja, maso ali pa okumbawo.

Choyamba kumuvutitsa chinali chitseko cha lole. Panali malo oyera kuposa ena, ngati pamene pamatulidwa dzina. Chachiwiri chinali chiwilo chachikulu chamatabwa chokulungapo waya. M'mawa uliwonse ankaona anthu awiri akuchitsitsa n'kumachigubuduza akucheza. Koma itakwana folo koloko tsiku limenelo, anthu asanu ndi mmodzi anachikankhira m'lole pa matabwa, akubuula, thukuta lili kamukamu.

Munthu woika waya amabwera ndi chiwilo chodzaza, n'kubwerera nacho chopepuka. Awa bwanji ankachita mosemphanitsa?

Lole itachoka, anatsikira m'ngalande. Pansi, m'dothi, anatola kachidutswa ka waya kotalika ngati chikhatho. Kunja kanali kakale, kothetheka. Kumapeto kwake kunali kochekedwa kumene ndi sowo, ndipo timawaya ta kopa tinkanyezimira m'katimo.

Madzulo anapita kukaona mlongo wake. Anamupeza atakhala pampando, mkono uli m'chikhakha.

"Achemwali, foni ya kuchipatala kwanu ikugwira?"

"Inafa Lolemba masana. Ife tikungoti ndi ntchito ikuchitikayi. Dzana tinavutika kuitana ambulansi, mayi wina atatsala pang'ono kuchirira pakhonde. Wafunsiranji?"

"Ndangofunsa."

"Iwe ukamati wangofunsa ndiye kuti pali nkhani. Usakandiputire anthu, wamva?"

Lachinayi, eyiti koloko, Spoko anali pa ofesi ya kampani ya matelefoni. Sanauze aliyense, ngakhale mkazi wake. Pa tebulo lolandirira madandaulo panali kalaliki wa tayi yofiira, wometa bwino. Anamvetsera akumwetulira mpaka pamene Spoko anatulutsa kachidutswa kaja. Kumwetulira kunatha.

"Ntchito imeneyo ndi yathu, bambo. Musade nkhawa."

Ananena zimenezi osayang'ana n'komwe pa kompyuta imene inali patsogolo pake.

"Ndiye waya wakaleyu mukupita naye kuti?"

"Zimenezo n'za mainjiniya. Inu mumagwira ntchito kuti?"

"Ndimakonza njinga, pakanjira pomwepo."

"Chabwino. Kachidutswako siyani pano, ndi katundu wa kampani."

Spoko anakabwezera m'thumba. "Ndikasiya ndikadzakumana ndi injiniyayo."

Anafika pashedi leveni koloko. Ola lisanathe, chithunzithunzi cha munthu chinagwera pa njinga imene ankamanga. Anali kapitawo.

"Ndamva kuti mumakonda kuyenda m'maofesi, madala."

Spoko sanadzutse mutu. Anapitiriza kumanga nati.

"Mwamva kwa ndani?"

"Kampani ndi imodzi, timauzana." Kapitawo anagogoda nsanamira ya shedi ndi nsapato. "Kashedi kanuka kali pamzere weniweni wa waya. Ndikhoza kulamula kuti mawa akumbe pomwe mwakhalapo. Ndikhozanso kuiwala. Zili kwa inu."

Atachoka, Spoko anatseka shedi, n'kupalasa njinga kudzera njira ya kuseri mpaka kupolisi.

Wapolisi wa pakauntala anaseka mpaka kugwira pamimba. "Akuba? Ovala zipewa, dzuwa likuswa mtengo? Ife timadutsa pamenepo tsiku lililonse, amatibayibitsa. Bambo, mlongo wanu wavulala, pepani, koma musapangire anthu mlandu."

"Tabwera nayeni kuno."

Mawuwo anachokera m'chipinda cha pambali. Anali sajeni, mayi wamfupi wa imvi pang'ono, amene ankalemba china chake osadzutsa mutu. Anamvetsera nkhani yonse, akutembenuza kachidutswa ka waya kaja m'zala.

"Munauza ndani kuti mukupita ku ofesi?"

"Palibe, bwana."

"Ku ofesiko munalankhula ndi angati?"

"Mmodzi. Wa tayi yofiira."

Sajeni sanaimbe foni ya pa ofesi ya kampaniyo. Anafufuza nambala ya m'manja ya injiniya wamkulu n'kumuimbira iyeyo. Analankhulana mphindi ziwiri zokha. Atadula, anamuyang'ana Spoko.

"Akuti kumeneko alibe ntchito iliyonse chaka chino. Madandaulo a mafoni akufa sanawaone ngakhale limodzi. Ali kutali lero, afika mawa. Naini koloko tibwera naye pamalopo. Inu mukatsegule shedi monga mwa masiku onse. Musakachite chilichonse."

Lachisanu lole inafika sikisi koloko, msanga kuposa kale. Spoko anaona nthawi yomweyo kuti zinthu zasintha. Palibe amene ankakumba. Ankangokoka waya wotsala mothamanga, kapitawo akuyang'ana wotchi. Itakwana hafu pasiti seveni, anayamba kuponya mapiki ndi mafosholo m'lole.

Akuthawa.

Anaimbira sajeni. "Bwana, akupakira. Naini koloko muwapeza atapita."

"Tikunyamuka. Mphindi makumi awiri. Musawayandikire."

Mphindi makumi awiri zinali zambiri. Chiwilo chinali chitafika kale pa matabwa. Spoko anatsegula bokosi la zipangizo n'kutenga kachitsulo komasulira valavu, kakang'ono ngati chala chakanise. Anayenda akukankha njinga ya kasitomala ngati akuiyesa. Amuna onse anali kumbuyo kwa lole, akulimbana ndi chiwilo. Anagwada pa tayala lakutsogolo la lole ngati akukonza tcheni cha njinga. Anaika kachitsulo kaja pa valavu ya tayalalo. Anapotokola katatu.

Mpweya unatuluka ndi mluzu woboola m'khutu.

"Iwe!"

Kapitawo anamugwira pakolala n'kumuwombetsa ku chitseko cha lole. Magalasi akuda aja anagwa. Chibakera chinatera pamlomo, Spoko n'kulawa magazi.

"Akuba!" anakuwa Spoko. "Akuba waya! Ndi amene anathyola mkono wa anamwino!"

Inali nthawi yopita kuntchito. A njinga amene kwa sabata yathunthu ankapulumuka mwamwayi pamsewu waukulu anaima mmodzimmodzi. Wonyamula buledi anaika njinga yake kutsogolo kwa lole. Mphunzitsi wina anaika yake pambali pake. Posakhalitsa panali njinga zoposa makumi atatu, mabelu akulira, ndipo dalaivala anazimitsa injini n'kukweza manja.

Kapitawo anamusiya Spoko, n'kukonza malaya ake. Galimoto ya polisi itaima, iye ndi amene anayamba kuyenda kukailandira, fayilo ili m'manja.

"Mwachita bwino kubwera, bwana. Munthu uyu wawononga galimoto ya kampani. Makalata athu ndi awa."

Sajeni sanawalandire. Anatsegula chitseko chakumbuyo, ndipo munatuluka bambo wa magalasi a maso, injiniya uja. Anamuyang'ana kapitawo kuyambira kuphazi mpaka kumutu.

"Iwe? Si tinakuchotsa ntchito zaka ziwiri zapitazo? Chipewacho sunabweze?"

Kapitawo anatsegula pakamwa, koma m'thumba mwake munalira foni. Sajeni anatambasula dzanja. Anaiyankha yekha, n'kukweza mawu kuti onse amve.

"Chokanipo msanga!" anatero mawu a mwamuna, akunong'ona. "Injiniya sanafike mu ofesi, akuti wapita kupolisi. Mukumva?"

"Tikumva, bambo," anatero sajeni. "Khalani pompo, musavule tayi."

Unyolo unalira m'manja mwa kapitawo ndi dalaivala. Amuna asanu enawo anakhala pansi m'fumbi, zipewa zili pamaondo. Wamkulu mwa iwo, bambo wa ndevu zoyera, ankangopukusa mutu.

"Ife ndi aganyu, bwana. Anatitola pamsika Lolemba. Ndinauza ana anga kuti ndalembedwa ntchito ku kampani."

Akukwezedwa m'galimoto, kapitawo anacheukira Spoko, amene ankapukuta magazi ndi nsanza ya girizi.

"Misewu inayi ndakumba m'tauni muno. Apolisi amandipatsa moni. Ndigwidwe ndi womata machubu?"

"Lowani, mutu uwo," anatero sajeni.

Kalaliki uja apolisi anamugwira teni koloko pa geti ya kampani, chikwama chili m'manja. M'dirowa yake anapezamo madandaulo makumi anayi ndi awiri a mafoni akufa, ndi mapepala a chidindo cha kampani osalembapo kanthu. Patatha mwezi, khoti linagamula kuti kapitawo akakhale kundende zaka zisanu ndi ziwiri, kalaliki zisanu, dalaivala zitatu. Aganyu aja anakhala mboni za boma.

Ngalande inakhala yosakwirira masabata ena atatu. Kenako m'mawa wina kunaima lole ya dzina la kampani pachitseko, n'kutsika amuna a zipewa zachikasu. Asanatsitse fosholo ngakhale imodzi, a njinga anali atawazungulira. Kapitawo wawo, mnyamata waulemu, anatulutsa makalata, chiphaso chake, ngakhale laisensi ya dalaivala. Spoko anawerenga pepala lililonse pang'onopang'ono, chala chikuyenda pamzere, anthuwo akupsa ndi dzuwa.

"Zonse zili bwino, eti madala? Tiyambe?"

"Zikuoneka bwino," anatero Spoko, akutulutsa foni m'thumba. "Khalani kaye pamthunzipo. Ndiwafunse asajeni."