Mbande za Mzime Zagona Panja

Mzime ankafuna matimati akeake. Koma kunja kunkazizira kwambiri.

"Tifese m'nyumba," anatero amayi ake.

Mzime anaboola zitini. Anathiramo dothi. Anafesa mbewu. Anaika zitini pazenera.

Mbande zinamera. Zinali zanthete, zoonda ngati ulusi.

"Tiwokere kudimba lero?" anafunsa Mzime.

"Ayi, mwanangu. Mbande za m'nyumba sizidziwa dzuwa. Sizidziwa mphepo. Zizolowere pang'onopang'ono."

Ntchito inayambira pamenepo. M'mawa, Mzime kutulutsa zitini. Dzuwa likakwera, Mzime kulowetsa zitini. Mawa lake, kutulutsa. Kenako, kulowetsa.

Zitini zinali zolemera. Manja anawawa. Msana unawawa. Mzime anatopa, anatoperatu.

"Mbandezi bwanji sizimera miyendo?" anadandaula.

Tsiku lina amayi anapita kuntchito. Mzime anatulutsa zitini. Anakhala pampando kuti apume pang'ono. Pang'ono pakepo, tulo tinamuba!

Dzuwa linakwera. Dzuwa linaswa mtengo.

Mzime anadzidzimuka. Anathamangira panja. Mayo ine! Mbande zonse zinali zyoli, zitafota.

Mzime analira. Analowetsa zitini akulira. Anathirira madzi akulira.

Amayi anabwera madzulo. Nawonso anali otopa. Anakhala pansi osavula nsapato.

"Amayi, ndapha mbande zanga."

Amayi anagwira tsinde ndi chala. "Sizinafe zonse. Nazonso zatopa. Zisiye zipume."

M'mawa, mbande zina zinali zitauma. Koma zambiri zinaima njo!

Mzime anayambiranso. Kutulutsa, kulowetsa. Kutulutsa, kulowetsa. Ankayasamula, koma sanagone. Matsinde ananenepa. Masamba anakhwima.

Tsiku lina dzuwa litapendeka, amayi anatenga khasu. Amayi anakumba mayenje. Mzime anawokera. Amayi anakwirira. Mzime anathirira.

Kutacha, Mzime anadzuka maso ali olemera. Anapita pazenera kuti anyamule zitini. Pazenera panalibe kanthu.

Amayi anaseka ali pabedi. "Ukufuna kunyamula chiyani, iwe? Mbande zako zagona panja."

Mzime anasuzumira kudimba. Mphepo inkawomba. Mbande zinkagwedezeka, koma sizinagwe.

"Ndiye lero ntchito yanga n'chiyani?"

"Bwera kuno," anatero amayi, akutukula bulangeti.

Mzime analowa. Onse awiri anagonanso.