Ndudu Yoponyera Kumbuyo

Dzulo kuno ku Kitwe ndinaona ana anayi ataunjirira foni imodzi, kukamwa kuli yasa. Ndinadziona ndekha m'chaka cha 1974, nditakhala pafumbi kwathu ku Lukwa, maso ali pakhoma la sukulu pamene galimoto ya kanema inkaonetsa zithunzi.

Pakhomo pathu panali pa mapemphero. Bambo anga, a Amosi, anali mkulu wa mpingo, mlimi wa fodya wosasutako n'kamodzi komwe. Chaka chimenecho mchemwali wanga Zelesi anasankhidwa kupita kusekondale ya atsikana ku Nkhamenya, ndipo ndalama zonse za sukulu yake zinali masamba a fodya amene ankauma m'chigafa mwathu.

A kanema aja atatha kuonetsa za feteleza, anaika filimu ya azungu. Chizungu chake sitinatolepo kanthu. Ine ndinangoona mzungu wa chipewa chachikulu akukhwatcha machesi pansapato, kusuta, n'kuponyera ndudu kumbuyo osacheuka.

"Mwamuna ndi ameneyo!" anandigunyuza Frazer, mnzanga wa m'kalasi. "Osati iwe Redson, woimba kwaya ngati mtsikana. Chigafa chodzaza kwanu, koma sudziwa kukoma kwake."

M'mawa mwake ndinasolola tsamba limodzi. Tinapichira chingambwe m'pepala la kope. Ndinasanza mpaka ndulu, Frazer akuseka, koma mawa lake ndinasololanso awiri.

"M'kamwa mwako mukununkha chiyani?" amayi anandifunsa.

"Ndinali m'chigafa, amayi."

Bambo anaika khasu pansi. "Fodya timalima, sitimeza utsi wake. Ndipo moto usayandikire chigafa icho. Mmenemo muli mlongo wako."

Ndinayankha kuti ndamva.

Loweruka masana, onse ali kudimba, tinalowa m'chigafa momwemo, poti ndimo munali mobisika. Ndinavala chipewa cha mlaza cha bambo, n'kuyatsa ndudu.

"Ponya ngati mzungu uja tione," anatero Frazer.

Ndinaponya osacheuka, n'kutuluka monyang'wa.

Tisanafike kumsewu tinamva mfuu. Frazer analiyatsa liwiro. Nditabwerera ndinapeza chigafa chikuyaka, bambo akulowa m'malawi kukakoka mikangala, timitengo topachikapo fodya, ndipo anatuluka manja atasupuka, ali chimanjamanja. Zelesi sanalire. Anatola chipewa chimene ndinagwetsa pakhomo la chigafa, n'kundipatsa.

Ndinagwada n'kuulula zonse. Bambo anangoti, "Ukapepese kwa mlongo wako."

Ku Nkhamenya Zelesi sanapiteko. Anakwatiwa ku Simlemba, ndipo patapita zaka ziwiri amene anavala yunifolomu ya sekondale ndine, wotentha chigafa. Chizungu chimene ndimayankhulachi chimandinunkhira utsi mpaka lero.

Ana inu, musatengere chilichonse chimene maso aona. Mzungu uja ankaponyera ndudu pamchenga, ine ndinaiponyera pa moyo wa mlongo wanga. Tchimo umachita wekha, koma amapsa ndi ena.

Malemu mkazi wanga Dailes ankandiuza kuti nkhaniyi ndisafe nayo. Maso anga afooka tsopano. Mphunzitsi wina wa ku Lukwa ailembe bwinobwino, aziwawerengera ana, ndipo dzina la Zelesi alilembe pamwamba, langa pansi.